Nyumba ya pa Nkhuti ya a Efulemu

Alamu anga a Efulemu anali mmisiri womanga nyumba, ndipo pa ntchito imeneyo sindingawanyoze, khoma lawo linkaima chilili osapempha thandizo kwa munthu. Kwawo kunali ku Nathenje, kumsewu wa tala, koma anadzakwatira akulu anga a Zipora kwathu kuno kufupi ndi Mitundu, n'kukhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu. Ine ndine chitsirizira m'banja mwathu, ndipo popeza mlamu ndi munthu woseka naye, ndinayamba kuwaseka bambo amenewa tsiku lomwe anafika pa kanjinga kawo kopanda mabuleki.

Mukamayenda pa Mitundu, magolosale ena mukuwaonawo, nyumba za aphunzitsi, ngakhale zimbudzi za anthu amene analemera ndi fodya, ndi manja awo. Koma mukanafika pakhomo pawo masiku amenewo, mukanapeza kanyumba ka mitengo kophoma ndi dothi, kofolera udzu, kopendekera ngati kakumvetsera miseche ya nyumba yoyandikana nayo. Mvula ikayamba, a Zipora ankathamanga ndi mabeseni kutchera madontho.

Kutsogolo kwa kanyumbako, m'mphepete mwa msewu wa ngolo wopita kumsika, kunali nkhuti, dzenje limene a Efulemu ankakumbamo dothi loumbira njerwa. Chaka chilichonse akamayatsa uvuni ankati, "Uno ndiye ndi wathu, amake Ulemu." Chaka chilichonse uvuniwo usanazizire ngolo inkafika, njerwa n'kupita kukamanga nyumba ya munthu wina. Chimene chinkatsala pakhomo ndi dzenje, likukulirakulira, mpaka linasanduka mudzi wa achule ndi udzudzu. Linamezapo mbuzi ya achimwene athu a Esau, ndipo a Esau sanali munthu woiwala mbuzi.

A Zipora sankalankhula zambiri. Akagulitsa mtedza ankagula lata limodzi n'kukaliimika kuchipinda. Malatawo anachuluka, moti anthu awiriwa ankagona pambali pa denga latsopano uku akudontheredwa ndi lakale.

Kenako kunabwera matipate. Tinavotera nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, boma linasintha, ndipo pakamwa pa anthu panatseguka. Amuna amene kale ankacheuka kaye asanatsokomole anayamba kuphunzitsana kayendetsedwe ka dziko m'matiyirumu, kapu imodzi ya tiyi tsiku lonse. Ufuluwo unayenda pang'onopang'ono, koma unafika ndithu mpaka kukhitchini kwa akulu anga.

"Boma lathunthu tasintha," anatero tsiku lina akukhuthula beseni la madzi a padenga. "Nanga udzu uwu ndiye wamuyaya?"

Mawuwo anakafika kwa a Esau. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, mlongo wathu wamkulu woyang'anira ife alongo ake ndi ana athu, ndipo mkamwini aliyense pamudzi pano ankakhala mwa chilolezo chawo. Anawaitana a Efulemu pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, mlongo wangayu simunamutole kutchire. Mvula ikubwerayi imupeze m'nyumba ya njerwa. Zikakanika, msewu wa ku Nathenje mukuudziwa."

Malo anawapatsa, abwino ndithu, pamtunda pouma kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi khola la mbuzi. A Efulemu anathokoza ndi manja awiri, koma mumtima zinawawawa. Mmisiri wodziwika Mitundu yonse akabise nyumba yake kuseri kwa khola la mlamu wake? Iwo ankafuna pamsewu, poti aliyense wopita kumsika azikhota khosi. Vuto linali lakuti pamsewupo ndi pamene panali dzenje lija.

Chilimwe chimenecho anapeza ganyu yopaka pulasitala pa sukulu ina ya sekondale. Tsiku lina ataima pa mgolo pafupi ndi windo lopanda galasi, anamva mphunzitsi wina wachinyamata, a Masautso, akuphunzitsa za mwezi. Anamvetsera mpaka simenti inayamba kuuma pa mpeni wawo womangira. Phunziro lili pakati, ngolo ya mchenga inafika, iwo n'kutsika kukailandira. Koma zimene anamvazo zinawakwanira, ndipo anabwera nazo kunyumba zikutentha.

"Mawanga akuda mumawaona pa mwezi aja," anatiuza ife tikusenda mtedza, "si mayi wosenza nkhuni ayi, anatinamiza. Ndi zipsera. Kalekale miyala ikuluikulu, yoposa phiri la Dzalanyama kutalitali, inkagwa kuchokera mumlengalenga n'kumenya mwezi. Pamene yamenyapo pankakumbika chidzenje choti Malawi yense n'kulowamo malo n'kutsala. Dothi la pamwamba litachoka, miyala yolemera ya m'kati mwenimweni mwa mwezi inatukumuka kuchokera pansi. Kenako miyala yosungunuka inasefukira m'dzenjemo ngati phala, n'kuuma gwa! Ndiye tamverani. Pamene panali dzenje paja ndi pamene lero pali polemera kuposa malo ozungulira. Pamakoka. Zombo zimene amatumiza kukazungulira mwezi zikafika pamenepo zimathamanga n'kutsikira pansi ngati ngolo pamtsetse, njira yake mpaka kukhota."

"Nanga nkhuni zija anakazitula kuti mayi uja, alamu?" ndinafunsa ine.

Koma maso awo anali pa nkhuti.

Pasanathe sabata, Mitundu yonse inali itamva za mwezi, kufuna kaya kusafuna. Mwezi ukachedwa kulowa n'kumaoneka m'mawa chakumadzulo, a Efulemu ankaimitsa anthu opita kumunda n'kuwalozera mawanga ndi levulo yawo, chipangizo chokhala ndi kadontho choyezera kuwongoka kwa khoma. M'tiyirumu anawapatsa dzina loti Pulofesa, iwo n'kumavomera. Nzeru yawo inali yachidule: pakhale dzenje, mumenyepo mwala waukulu, mudzaze, basi mwapeza malo olimba kuposa ena onse. Ngati Mulungu anachita choncho kumwamba, ndani angatsutse pa Mitundu?

Anabwereka ngolo, natenga amuna anzawo, ulendo wa kumapiri cha ku Dzalanyama. Anabwerako ng'ombe zili wefuwefu, atanyamula mwala waukulu ngati mgolo. Mudzi wonse unasonkhana. Anabweza ngolo chambuyo mpaka pakamwa pa dzenje, namasula ng'ombe, natukula mtengo wa ngolo. Mwala unagubuduka, phwa! m'matope a pansi. Achule anabalalika. Matope anauluka n'kukatera pa shati yoyera ya a Esau, amene anaima patali dala kuti asaoneke ngati akuvomereza. A Efulemu anavula chipewa n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Zachitika."

Panatsala kudzaza. Miyala yosungunuka pa Mitundu sitigulitsa, choncho analengeza kuti aliyense amene ali ndi chotaya abwere nacho. Azimayi sitinachedwe. Tinathira mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza, mitengo ya fodya, phulusa, mapale a miphika, nsanza, ngakhale mphasa yakutha imene ndinkasowa potaya. Mudzi wathu sunayerepo ngati chaka chimenecho. Pamwamba pake anathira dothi n'kulidinda ndi chipika mpaka panasalala ngati bwalo la mpira.

Nkhaniyo inawapeza a Masautso kudzera kwa ana a sukulu, ndipo anabwera pa njinga thukuta lili kamukamu. Anapeza a Efulemu akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe cha maziko.

"Bambo, pepani, zikuoneka kuti munamva mbali imodzi yokha. Miyala ya ku mwezi ija inkabwera ndi liwiro loopsa moti nthaka inkasungunuka. Chimene chinadzaza maenje aja ndi mwala wolemera, osati zitsononkho. Zinatenganso zaka zosawerengeka. Ndiponso ku mwezi sikugwa mvula."

"Aphunzitsi," anatero a Efulemu mofatsa, ngati akulangiza mwana, "inu munapitako ku mweziko?"

"Ayi, koma…"

"Ine ndamanga nyumba inu musanabadwe. Ino ndi nthawi ya matipate. Inu muli ndi maganizo anu, inenso ndili ndi anga. Tizilemekezana."

Anthu amene anali pamenepo anaomba m'manja, chifukwa masiku amenewo aliyense wotchula matipate ankaomberedwa m'manja. Mphunzitsi uja anayang'ana kwa a Zipora, koma iwo anali kalikiliki kutulutsa malata awo kuti awatsuke fumbi. Anakwera njinga yake n'kumapita.

Nyumbayo, abale, inali nyumba. Kwa nthawi yoyamba uvuni unazizira ngolo osafika. A Efulemu anaika njerwa iliyonse ngati akuika dzira, akumanga ndi dothi koma mizere yake ili mya. Zipinda zinayi, mawindo a magalasi, khonde la zipilala loyang'ana kumsewu. A Esau anabwera, nagogoda makoma ndi chala, nasuzumira m'makona kufuna cholakwa, ndipo atachisowa anangoti, "Chabwino," ngati munthu amene wamezetsedwa mankhwala owawa.

Analowamo mitambo itayamba kuda. Akulu anga, munthu wosalankhula uja, ankakhala pakhonde n'kumapatsa moni aliyense wodutsa, ngakhale anthu a ngolo osawadziwa. Mvula yoyamba itagwa anandiitana kuti ndidzamve mmene ikulirira pa malata, mabeseni onse ali phee pa thandala. Ndinene zoona, ndinachita nsanje, komanso ndinakondwa mpaka misozi. Sindinawaonepo a Zipora akuseka choncho chibadwire changa.

Mu Januwale dzira linagubuduka lokha. A Zipora analiika pansi pabalaza, ilo n'kunyamuka mwaulemu kupita kukona ya kumsewu. Kenako chitseko chinayamba kudzitseka chokha, ndipo madzi m'beseni ankakhalira mbali imodzi. Mmisiri wina aliyense akanagwira mutu. A Efulemu anadumpha ngati mwana.

"Amake Ulemu, kukoka kuja ndi kumeneku! Mwala uja wayamba ntchito!"

Tsiku la msika anthu ankakhotera pakhomopo kudzaona zodabwitsa. A Pulofesa ankawalowetsa awiriawiri, n'kuika ndimu pansi, ndimu n'kumathamangira kukona, anthu n'kumati, "Ha!" Ankafotokoza kuti chombo chikamadutsa pamwamba pa mawanga a mwezi chimachita chimodzimodzi. Anaika levulo pansi, kadontho kake n'kuthawira kumapeto, ndipo munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi kadontho kothawa pakati anaitana anthu kuti adzaone mmene kathawira bwino. Anatumiza uthenga kwa a Masautso kuti abwere ndi ana a sukulu.

A Zipora sanatsutse. Anangoyamba kusamutsa katundu mwakachetechete kubwerera ku kanyumba ka udzu kaja, lero mbale, mawa zovala. Pamene khoma linang'ambika moti dzanja n'kulowa, anasamutsa bedi, ndipo a Pulofesa analondola bedilo akung'ung'udza kuti akazi sadziwa sayansi.

Mu Febuluwale kunagwa mvumbi wosalekeza. M'mawa wina kutangokhala bata, anthu tili kumunda, tinamva chiphokoso ngati ngolo yagubuduka ndi katundu. Tinathamanga. Mbali yonse ya kumsewu, khonde ndi balaza, inali itakhala pansi m'dzenje muja, malata atapindika, fungo la mapesi oola lili ponseponse. Mwamwayi munalibe munthu. A Zipora anaima ndi khasu paphewa, akuyang'ana malata awo, osalira. Achule anabwerera madzulo a tsiku lomwelo.

A Esau sanachite kuitana anthu ambiri. "Ndinati mvula imupeze m'nyumba ya njerwa. Taonani kumene yamupeza. Alamu, msewu uja."

A Efulemu anayang'ana kwa akazi awo. A Zipora anali akupotokola nsonga ya chitenje, maso ali pansi. Bambo aja anamanga levulo, chingwe ndi mpeni womangira pa kaliyala wa njinga, nalowera ku Nathenje. Kumsika anthu ankati Pulofesa wakokedwa ndi kwawo, ndipo inenso ndinaseka nawo, nanga ndikanatani.

Mvula itasiya, akulu anga anayamba ntchito imene sanauze munthu. Ankatsikira m'dzenje muja, kuzula njerwa imodziimodzi, kupala dothi ndi chikwanje chakutha, kuzisenza pamutu mpaka pamtunda paja kuseri kwa a Esau. Malata ankawawongola ndi mwala. Ine ndinkawathandiza ndikunyinyirika. Tsiku lina anati akupita kukagulitsa mtedza ku Nathenje. Ndinadabwa, chifukwa munthu wa pa Mitundu kupita ndi mtedza ku Nathenje ndiye kuti wasiya msika pakhomo. Anabwerako mtedza uli womwewo m'thumba.

M'mawa mwake ndinapeza anthu awiri pa mulu wa njerwa, wina mbali iyi wina mbali iyo, akupala osayang'anana. A Esau anatulukira akumanga lamba.

"Zipora! Ndinati chiyani ine za munthu uyu?"

"Munati mkamwini achoke, achimwene, ndipo anachoka. Awa ndi amisiri. Ndawalemba ganyu ine kuti andimangire nyumba pamalo munandipatsa aja. Kapena mumanga ndinu?"

A Esau, amene sanaikepo njerwa pamwamba pa inzake, anasintha nkhani. "Nanga azigona kuti amisiri akowo?"

"Pafupi ndi katundu, angabedwe."

"Akamaliza achoke."

"Akamaliza achoka," anavomera a Zipora.

A Efulemu anakumba maziko mpaka m'chiuno, pa nthaka youma yoti pikisi ankalira. Njerwa zambiri zinali zitasweka, choncho nyumba inatuluka ya zipinda ziwiri, malata a makwinya okhala ndi mabowo a misomali yakale, khomo loyang'ana khola la mbuzi. Koma inali yowongoka, ndipo dzira linkakhala pamene mwaliika. Anamaliza zonse, kupatula chipilala chimodzi cha pakhonde. Chimenecho anachisiyira m'chiuno, denga n'kulichirikiza ndi mtengo wa bulugama. Njerwa zotsalazo anazisanja pambali pake.

Chaka chilichonse a Esau ankabwera kudzafunsa. "Amisiri, chipilalachi?"

"Dothi la chaka chino silabwino, alamu." Chaka china unali msana. Chaka china chingwe chinasowa. Munthu amene ankamanga golosale yathunthu pa mwezi umodzi analephera chipilala chimodzi mpaka boma linachititsanso chisankho china. A Zipora, amene pakamwa pawo panali patatseguka tsopano, ankawakalipira amisiri awowo pa chilichonse, mabatire a wailesi, matope a kumapazi, kukhalitsa kumsika. Za chipilala sanatchulepo n'kamodzi komwe. Nkhuku zinkaikira mazira kuseri kwa njerwa zija, ndipo iwo ankati zisasunthidwe, nkhuku zingasokonezeke.

Za mwezi a Efulemu anasiya kulalikira. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza pakhonde akuuyang'ana ukulowa, ndiye ndinati, "Bwanji a Pulofesa, ukukokabe?"

"Ukukoka ndithu, mlamu. Aphunzitsi aja sananame. Ine ndi amene ndinachoka pawindo msanga."

Akulu anga anadwala nthawi yokolola, matenda a m'chifuwa amene sanachedwe nawo. Anamwalira m'nyumba yawo ya njerwa, pansi pa malata awo. Maliro atatha, titameta, inafika nthawi yosudzula, pamene mwamuna wofedwa amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Wolankhula anali a Esau, atakalamba tsopano, ndodo ili m'manja. Anayamba bwinobwino mawu a mwambo, kenako anaima, nayang'ana kukhonde, natsokomola.

"Komabe, alamu, palibe chothamangira. Ntchito ija simunamalize."

A Efulemu anawerama. "Zikomo, alamu," anatero. "Koma amene anandilemba ganyu apita."

Kutacha ndinamva khasu likuponda dothi. Ndinapita. Anali atachotsa mazira a nkhuku n'kuwaika bwinobwino m'chipewa chawo. Anaika njerwa zija imodziimodzi, osafulumira, mpaka chipilala chinakhudza denga dzuwa lisanatenthe. Anatsamiza levulo, kadontho kanakhala pakati penipeni. Anagwedeza mtengo wa bulugama uja, nauchotsa, naugoneka pansi. Denga silinasunthe.

Anatsuka mpeni wawo womangira, naupukuta ndi shati, namanga zonse pa kaliyala. Mazira anandipatsa ine. Ndinafunafuna mawu oti ndiwaseke nawo monga mwa masiku onse, za mwezi, za achule, za mabuleki a njinga yawoyo, koma ndinangofumbata mazirawo ndi manja awiri. Anakankha njinga kudutsa khola la mbuzi, kudutsa dzenje lija pamsewu, ndipo anakwera atafika patali.